Kuwothera Nkhalango

Mawu ambiri sadziwika tsiku limene anabadwa. Palibe amene anganene kuti mvula anayamba kuitchula kuti mvula ndani, kapena kuti dzina la nsima linatuluka m'kamwa mwa yani. Koma mawu a Chijapanizi akuti shinrin-yoku ali ndi chaka chobadwa komanso mwini wake. Anabadwa mu 1982, ndipo amene anawapeka ndi Tomohide Akiyama, yemwe pa nthawiyo anali mkulu wa nthambi ya boma yoona za nkhalango ku Japan. Anali munthu wa mu ofesi, wolandira malipiro a boma kuti aziganiza za mitengo, ndipo zimenezi zili ndi tanthauzo pa nkhani yonseyi.

Mawuwa amalembedwa ndi zizindikiro zitatu. Choyamba ndi chithunzi cha mitengo itatu, chachiwiri ndi cha mitengo iwiri, ndipo chachitatu, chomwe chili ndi timadontho ta madzi pambali, chimatanthauza kusamba. Akiyama anangotsata njira ya mawu amene anthu ankawadziwa kale: kaisui-yoku, kusamba m'nyanja, ndi nikko-yoku, kusamba dzuwa. Pochita shinrin-yoku munthu savula ndipo sakhudza madzi. Amalowa m'nkhalango, amazimitsa foni, n'kumayenda pang'onopang'ono mwina maola awiri pa mtunda umene akanauyenda mphindi makumi atatu. Amanunkhiza, amamvetsera, amagwira makungwa, akafuna amakhala pansi. Sapita kukachita masewera olimbitsa thupi, sapita kukaphunzira mayina a mbalame, ndipo potuluka satenga kanthu. Azungu atawamva mawuwa anawamasulira liwu ndi liwu. Angerezi amati forest bathing, Ajeremani amati Waldbaden, ndipo lero mawu amenewa ali m'mabuku, m'magazini a zaumoyo ndi pa zikwangwani za malo ogona alendo.

Ine ndinakumana nawo pa ntchito. Ndimamasulira zolemba kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo bungwe lina linanditumizira kabuku kolangiza anthu momwe angachepetsere nkhawa. Pakati pa malangizo a kugona mokwanira ndi kucheza ndi anzathu panali ndime imodzi ya forest bathing. Kabuku konse kanandithera masiku atatu, koma mawu awiri amenewa anatenga sabata yonse.

Mawu akandivuta ndimawayesa pa azakhali anga, omwe moyo wawo wonse akhala kumudzi ku Dedza. Ndinawaimbira foni madzulo.

"Azakhali, munthu atakuuzani kuti akupita kukasamba m'nkhalango, inu mungamve chiyani?"

Anakhala chete pang'ono. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndi iweyo?"

"Ayi, ndikungofunsa za ntchito."

"Usamabise matenda, mwana wa achimwene anga. Wapita kwa sing'anga uti? Wakuuza kuti ukasambe usiku kapena m'mamawa?"

Azakhali sanalakwe kumva. Kusamba m'Chichewa si nkhani ya madzi ndi sopo yokha. Munthu amasamba mankhwala kuti achotse tsoka, ndipo kawirikawiri amakasambira kutali ndi mudzi, pamphambano kapena kutchire, opanda womuona. Mkazi akati akusamba ndiye kuti ali kumwezi, ndipo akasiya kusamba ndiye kuti wasiya kubereka. Kabuku kothandiza anthu ankhawa kakanati kalembedwe kuti pitani mukasambe m'nkhalango, ena akanaseka, ena akanakabisa ana asakaone.

Ndinaganiza kuti vuto lili pa mneni wokha, koma dzinanso linali ndi zake. Mawu a malo a mitengo tili nawo ambiri, ndipo lililonse limabwera litasenza kale katundu. Munthu akati akupita kuthengo, sitimufunsa zambiri, timadziwa kuti akukadzithandiza. Mimba yapathengo ndi ija yopanda mwini wodziwika. Kutchire n'kumene kumakhala zilombo, ndipo munthu wopanda mwambo timati ndi wakutchire. Msitu ndi pamitengo yowirira, pamene nthawi zambiri pamagona makolo. Nkhalango imamveka yoyera kuposa onsewa, koma masiku ano ikatchulidwa ambiri amaganiza za malo aboma, okhala ndi malire, alonda ndi chindapusa. Chimene ndinaona n'chakuti m'chinenero chathu munthu sapita kumitengo popanda chokachita. Timapita kunkhuni, kubowa, kumasuku, kokasenda luzi, kokakumba mankhwala, kokatcha misampha, kokaika maliro. Mawu a Akiyama amanena za ulendo wopita chimanjamanja n'kubwerako chimanjamanja, ndipo ulendo wotero ulibe dzina kwathu.

Pofuna kumvetsa, ndinasiya kaye mtanthauziramawu n'kuyamba kuwerenga chifukwa chimene Ajapanizi anafunira mawu amenewa. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la Japan ndi nkhalango, ndipo pa mahekitala khumi alionse a nkhalangoyo, pafupifupi anayi ndi obzalidwa ndi anthu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mapiri ambiri anali atametedwa ndipo mizinda yowotchedwa inkafuna matabwa. Boma linalimbikitsa anthu kubzala sugi ndi hinoki, mitengo yowongoka ya banja la mkungudza. Koma mtengo suthamanga ngati msika. Pofika 1964 dzikolo linali litatsegula zipata kuti matabwa akunja azilowa mwaufulu, ndipo anali otsika mtengo kuposa a m'dzikomo. Mitengo yobzalidwayo itakula inapeza kuti kuidula sikupindulitsa. Achinyamata a m'midzi ya kumapiri anathawira ku Tokyo ndi ku Osaka, kumudzi kunatsala okalamba, ndipo nkhalango zinayamba kusowa wozisamalira.

Kumizindako nako kunali matenda ake. M'zaka za m'ma 1980 mawu akuti karoshi, imfa yobwera chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyezo, anayamba kumveka m'nyuzipepala ndi m'makhoti. Ndiye panali anthu otopa mbali ina, ndi mitengo yopanda msika mbali inayo. Akiyama anawakumanitsa. Ganizo lake linali lakuti munthu akamapita kunkhalango n'kumapezako mpumulo, adzafuna kuti nkhalangoyo itetezedwe. Msonkhano woyamba wa shinrin-yoku unachitika chaka chomwecho cha 1982 m'nkhalango ya Akasawa, m'chigawo cha Nagano, pakati pa mitengo ya hinoki ya zaka pafupifupi 300. Ambiri amene amalemba za mchitidwewu amaunena ngati mwambo wakale wa makolo a ku Japan. N'zoona kuti Ajapanizi analemekeza mitengo kuyambira kale, koma mawuwa ndi ochokera ku boma, ndipo funso limene ankayankha linali lakuti mtengo umene sunadulidwe uli ndi phindu lanji.

Asayansi anabwera pambuyo. Mu 1990 Yoshifumi Miyazaki, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulofesa pa yunivesite ya Chiba, anapita ndi anthu ochepa pa chilumba cha Yakushima, kumene kuli mitengo ya sugi ya zaka zoposa 1,000. Anayeza malovu awo kuti aone kuchuluka kwa cortisol, homoni imene imakwera munthu akapanikizika. Mu 2010 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za m'nkhalango 24, zokhudza anyamata 280. Pa malo alionse ankatenga anthu 12, theka n'kuwatumiza kunkhalango, theka kutauni, mawa lake n'kuwasinthanitsa. Akakhala kunkhalango cortisol ankatsika, mtima unkagunda modekha, ndipo kuthamanga kwa magazi kunkatsika pang'ono. Dokotala wina, Qing Li wa ku Nippon Medical School ku Tokyo, mu 2005 anatenga abambo 12 ogwira ntchito m'makampani n'kukakhala nawo masiku atatu m'nkhalango za ku Iiyama. Atawayeza magazi anapeza kuti maselo ena oteteza thupi, otchedwa NK, ayamba kugwira ntchito mwamphamvu kuposa kale. Iye amakhulupirira kuti china chimene chimathandiza ndi kafungo kamene mitengo imatulutsa podziteteza ku tizilombo, kamene wasayansi wa ku Russia Boris Tokin anakatcha phytoncide. Ndi kafungo kaja kamakulonjera ukalowa pakati pa mitengo ya paini dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito yomasulira imaphunzitsa munthu kusanena zoposa zimene zalembedwa, ndipo ndi diso lomwelo ndimawerenga kafukufukuyu. Abambo 12 ndi ochepa. Munthu amene wachoka pamaso pa bwana wake masiku atatu, wagona tulo tokwanira, wadya bwino, thupi lake likhoza kusintha ngakhale mitengo italibe fungo. Ndiponso munthu sungamubise kuti ali m'nkhalango ngati mmene ungamubisire kuti wamwa piritsi lenileni kapena la ufa. Choncho amene amalengeza kuti mitengo imachiza khansa akuthamangira kumene umboni sunafike. Koma umboni wa chinthu chocheperapo ulipo, ndipo ukuchokera mbali zosiyanasiyana. Mu 1984 Roger Ulrich anaona zolemba za odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Amene zenera lawo linkayang'ana mitengo anatuluka msanga ndipo anamwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa kuposa amene zenera lawo linkayang'ana khoma la njerwa. Mu 2019 kafukufuku wa anthu pafupifupi 20,000 ku England anasonyeza kuti amene ankakhala maola awiri kapena kuposerapo pa sabata pamalo achilengedwe ankanena kawirikawiri kuti ali ndi thanzi labwino. Kwa ine zimenezi n'zokwanira kukhulupirira kuti pakati pa mitengo mtima wa munthu umakhala pansi. Si chozizwitsa, komanso si bodza.

Chimene chinafalikira msanga kuposa umboni ndi malonda ake. Ku Japan kuyambira 2006 nkhalango zina zimapatsidwa chizindikiro chovomerezeka kuti ndi zochiritsira, ndipo tsopano zilipo zoposa 60. Dziko la South Korea linamanga malo aakulu aboma a ntchito yomweyi ku Yeongju, omwe anatsegulidwa mu 2016. Ku America, M. Amos Clifford anayambitsa mu 2012 bungwe lophunzitsa anthu otsogolera anzawo m'nkhalango n'kuwapatsa masatifiketi. Buku la Qing Li la mu 2018 linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Chaka chomwecho madokotala a pa zilumba za Shetland ku Scotland analoledwa kulembera odwala kuti azikayenda kumalo achilengedwe ngati mbali ya chithandizo. Kenako kunabwera mliri wa Covid-19, anthu anatsekeredwa m'nyumba miyezi yambiri, ndipo atatuluka ambiri anathamangira kumitengo. Lero ku London kapena ku California munthu amalipira ndalama kuti wina amuuze kuti ima apa, tseka maso, tamvera mphepo.

N'kosavuta kwa ife kuseka zimenezi, ndipo ndamva anzanga akuseka. Amati azungu atulukira mthunzi. Ena amati makolo athu ankadziwa kale zonsezi, ife tinabadwira m'nkhalango. Ine sindigwirizana nazo msanga, chifukwa nkhalango ya ubwana wanga ndikuikumbukira bwino, ndipo sinali malo opumulirako.

Tinkanyamuka Loweruka kusanache, amayi, akazi ena atatu kapena anayi, ndi ife atsikana pambuyo. Ulendo unali wa maola awiri kupita kokha, chifukwa mitengo yapafupi inali itatha ine ndisanabadwe. Tikafika, aliyense ankalowera kwake kufuna nthambi zouma za mombo ndi msuku, maso ali pansi poopa njoka, makutu ali tcheru kumvetsera mlonda, yemwe akakupeza ankalanda nkhwangwa ndi nkhuni zomwe. Mtolo ukakwana, amayi ankaumanga ndi luzi m'malo atatu, n'kupinda chitenje chakale kuti chikhale nkhata. Khosi linkawawa mpaka Lolemba. Wina akanabwera ndi timabotolo kudzayeza malovu a amayi anga m'nkhalango imene ija, cortisol wawo sakanamupeza atatsika.

Komabe panali kanthawi kena kamene sindikaiwala. Mitolo yonse ikamangidwa n'kuimikidwa pamtengo, akazi aja sankasenza nthawi yomweyo. Ankayamba akhala pansi, miyendo atatambasula. Ikakhala nyengo ya masuku tinkayamwa masuku, n'kumalavula njere. Pamenepo ankalankhula zinthu zimene kumudzi sizinkalankhulidwa, za amuna awo, za apongozi, za mimba imene yapita padera, ndipo ife ana ankatiiwala kuti tili ndi makutu. Nthawi zina nkhani inkatha, onse n'kungokhala duu, mphepo ikuwomba m'masamba pamwamba, njiwa ikulira patali. Kenako mmodzi ankati, "Tiyeni, dzuwa lakwera," basi n'kutwikana mitolo. Sizinkapitirira mphindi khumi. Pa sabata yonse, ndi nthawi yokhayo imene ndinkawaona amayi anga manja ali chabe. Ndiye ngati makolo athu ankadziwa mpumulo wa m'nkhalango, ankaudziwa ngati chinthu chakuba, chotsina pa nthawi ya ntchito, ndipo mwina n'chifukwa chake sanaupatse dzina.

Ndili mkati molimbana ndi ndime ija ndinakwera phiri la Zomba kukayesa zimene ndinkamasulirazo. Ndinazimitsa foni, ndinayenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo ya paini, ndipo zimene analemba Ajapanizi zinachitikadi: mapewa anatsika, mpweya unayamba kufika pansi pa chifuwa, maganizo a ngongole anachepa phokoso. Pa kanjira kena ndinakumana ndi amayi awiri akutsika ndi mitolo yaitali kuposa msinkhu wawo. Ndinapatuka kuti adutse.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, kaya inu achemwali? Mwasochera?"

"Ayi, ndikungoyenda."

"Kungoyenda?" Wamkuluyo anatembenuza thupi lonse, poti khosi silikanatheka kutembenuka, n'kundiyang'ana m'manja. "Ndiye mutsika chimanjamanja?"

Anaseka popanda mwano, n'kupitiriza ulendo. Tinali m'nkhalango imodzi, tinkapuma fungo limodzi la utomoni, koma mitengoyo inkatichitira zosiyana. Chimene chinkatisiyanitsa n'chakuti ine kunyumba kwanga nsima ya madzulo sinkadikira mtolo.

Kusiyana kumeneku si kwathu kokha. Nkhalango ya Akasawa, kumene shinrin-yoku anayambira, nayo ili ndi mbiri yotere. M'zaka za m'ma 1600 mapiri a m'chigwa cha Kiso anadulidwa kwambiri pomanga nyumba zachifumu ndi mizinda. Olamulira a dera la Owari ataona kuti mitengo ikutha, analetsa anthu wamba kudula mitundu isanu ya mitengo, kuphatikizapo hinoki. Chilango chake anthu ankachinena mwachidule kuti mtengo umodzi, mutu umodzi. Ufumu wa Meiji utabwera, nkhalangozo zinatengedwa ndi boma, ndipo anthu a m'midzi anapitiriza kudandaula kuti atsekeredwa kunja kwa mapiri awo, nkhani imene Shimazaki Toson anaiika m'buku lake la Yoake mae. Mitengo ya zaka 300 imene anthu a ku Tokyo amakapumira fungo lake lero inaima chifukwa mibadwo ingapo ya anthu osauka inaletsedwa kuikhudza. Bata la m'nkhalango iliyonse yakale lili ndi amene analilipira.

Ngakhale mitengo yobzalidwa ija ili ndi mbali yake yowawa. Sugi akakula amatulutsa mungu wambiri, ndipo chaka chilichonse kuyambira February mpaka April anthu mamiliyoni ku Japan amayetsemula, maso ali ofiira, mphuno zikuchucha. Vutoli linakula mpaka mu 2023 boma linalengeza kuti pa zaka khumi lichepetsa nkhalango za sugi zobzalidwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Walira mvula walira matope. Dziko lomwe linaphunzitsa anthu kupuma mpweya wa m'nkhalango ndi lomwenso anthu ake amavala zotchinga pamphuno pothawa mitengo. Phunziro lake n'lakuti mitengo yamtundu umodzi yondandalikidwa ngati chimanga si nkhalango yonse, ndipo amene amaona mapiri a paini ndi bulugamu m'mayiko athu ano akudziwa zimene ndikunena.

Pali chinthu chimodzi chimene ife ndi Ajapanizi timafanana kwenikweni. Kwawo, kachisi wa Shinto amazunguliridwa ndi kankhalango kotchedwa chinju no mori, komwe sikadulidwa. Kwathu, mukakwera basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza kapena ku Kasungu m'chilimwe, mudzaona minda yoyera mbee mpaka kumene maso alekezera, koma apo ndi apo pali kagulu ka mitengo yobiriwira, yaitali, yachilengedwe. Amenewo ndi manda. Ku Nsanje kuli msitu wa Khulubvi, wa Mbona, umene waima zaka mazana ambiri pakati pa dera lodulidwa. Mitengo imeneyi sinatetezedwe ndi chindapusa koma ndi ulemu ndi mantha. M'midzi yambiri, malo okhawo amene mwana angaone mmene dziko linkaonekera agogo ake ali ana ndi kumanda, ndipo kumanda munthu sapita kukawongola miyendo. Umalowako ndi chilolezo cha amfumu, pa tsiku la maliro, misozi ili m'maso. Tinasunga nkhalango ya akufa, ya amoyo tinaiphikira nsima.

Apa m'pamene mawu amene ndinkawafuna anabwera. Ndinabwerera ku mawu aja Akiyama anatengerako, nikko-yoku, kusamba dzuwa. Ife dzuwa sitisamba. Timawothera. M'mwezi wa June m'mawa agogo amatulutsa mphasa n'kukhala kukhoma loyang'ana kum'mawa, akuwothera dzuwa, ndipo palibe amene amawafunsa kuti mukuchita chiyani kapena mubwerako ndi chiyani. Kuwotha ndi ntchito yokhayo m'Chichewa imene munthu amaigwira posachita kanthu. Umangosendera pafupi ndi chinthu chimene chikutulutsa mphamvu yake, n'kulola kuti ikulowe m'thupi. Sutenga dzuwa kupita nalo kunyumba, ndipo mnzako akabwera kudzakhala pambali pako, lako silichepa. Ndinalemba kuti kuwothera nkhalango, n'kuwaimbiranso azakhali.

"Kuwothera nkhalango?" Anabwereza kawiri, ngati akulawa ndiwo. "Ndiye kuti kungokhala pamitengo, kuti izikupepesa mtima?"

"Eya, azakhali."

"Zimenezo zikumveka. Koma nkhalangoyo tinaiwotha kale, mwanawe. Yatsala n'phulusa."

Anaseka, koma ananena chinthu chimene chinandichititsa kuwakonda kwambiri mawuwa. Mneni yemweyo ndi amene timagwiritsa ntchito pa moto. Malinga ndi kalembera wa mu 2018, mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Phiri la Ndirande ku Blantyre, lomwe linali ndi mitengo, linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Ku Dzalanyama boma linachita kutumiza asilikali mu 2015 kuti akaletse owotcha makala amene amadyetsa mbaula za mu Lilongwe. Nkhalango timaiwotha tsiku lililonse, kamodzi kokha pa mtengo uliwonse. Kuiwothera ndi njira ina yolandirira mphamvu ya mtengo womwewo, yomwe imausiya uli chilili kuti mawa wina adzalandirenso. Mawu a Chingerezi alibe mbali ziwirizi. A Chichewa ali nazo, ndipo wowerenga wa kuno sangawamve popanda kumva fungo la utsi chapatali.

Sindikunena kuti mayi wosenza mtolo asiye nkhuni azikanunkhiza makungwa. Malangizo otero, ochokera kwa munthu wophikira magetsi kapena gasi, ndi chipongwe. Amene akufunika kumva mawuwa poyamba ndi ife a m'tauni, amene timagula thumba la makala pamsewu osafunsa kumene lachokera, amene tikagula puloti timayamba n'kugwetsa mtengo uliwonse kenako n'kuthira simenti bwalo lonse, amenenso tayamba kudwala matenda omwe aja a ku Tokyo: kusowa tulo, kuthamanga kwa magazi tisanafike zaka 40, mutu wosazima ngati foni. Ndiponso amene amagawa malo m'mizinda yathu, chifukwa mchitidwewu sufuna satifiketi kapena mphunzitsi. Umafuna zinthu ziwiri zokha, mitengo yoimirira pamtunda woti munthu n'kufikapo wapansi, ndi ola limodzi limene munthuyo sakuthamangitsidwa ndi njala. Zonse ziwiri sizigwa kumwamba, zimachita kukonzedwa ndi anthu.

Umboni woti zimatheka uli pakati pa Tokyo penipeni. Pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Harajuku pali nkhalango ya mahekitala pafupifupi 70 yozungulira kachisi wa Meiji Jingu. Mlendo amaganiza kuti ndi yachilengedwe, koma kale malowo anali minda ndi thengo la udzu. Pakati pa 1915 ndi 1920 anthu a m'dziko lonselo anapereka mitengo pafupifupi 100,000, ndipo achinyamata pafupifupi 110,000 anadzipereka kugwira ntchito pamalopo. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Okuma Shigenobu, inkafuna sugi wowongoka ngati wa pa akachisi akale. Akatswiri a zankhalango, motsogozedwa ndi Honda Seiroku, anakana. Anasankha mitengo yosiyanasiyana ya masamba aakulu, yogwirizana ndi nthaka ndi utsi wa mumzinda, n'kukonza zoti pakatha zaka zoposa 100 nkhalangoyo izidzadzibereka yokha. Mpaka lero masamba akagwa m'njira amasesedwa n'kubwezeredwa pansi pa mitengo. Kulowamo n'kwaulere. Kalaliki wotopa amatuluka mu ofesi masana, n'kukakhala mphindi makumi awiri pamthunzi umene anamubzalira anthu omwe ankadziwa kuti iwo sadzaukhala.

Kabuku kaja kanasindikizidwa ndi mawu akuti kuwothera nkhalango, ndipo pansi pake ndinapempha kuti awonjezere chiganizo chimodzi chimene m'Chingerezi munalibe: ngati kwanuko kulibe nkhalango, mtengo umodzi wa mango ndi poyambira. Mawu atsopano amakhala ndi moyo pokhapokha anthu akawapezera ntchito. Awa adzakhala ndi moyo ngati mwana wobadwa chaka chino ku Ndirande kapena ku Kawale, akadzafika msinkhu wanga, adzakhale ndi malo oti n'kuloza powatchula.